Winchi ya Pikapu m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi: Mafunso ndi Mayankho pa Kasankhidwe ka Kukula Kwake

Mwini pikapu amene amayenda m'misewu ya fumbi ya ku Dowa ndi Ntchisi m'miyezi ya mvula, akaganiza zogula winchi, amakumana ndi manambala olembedwa pa katoni monga 8,000, 9,500 kapena 12,000, ndipo wogulitsa kawirikawiri amamuuza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Mayankho otsatirawa akufotokoza chomwe manambalawo amatanthauza, zomwe sanena, komanso momwe kulemera kwa galimoto, mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo ndi mphamvu ya batire zimakhudzira chisankhocho.

Kodi winchi n'chiyani, ndipo imagwira ntchito motani?

Winchi ndi makina okokera omwe amamangidwa kutsogolo kwa galimoto, m'kati mwa bampala, ndipo ntchito yake ndi kukulunga chingwe cholimba chomwe nsonga yake yamangiriridwa pa mtengo, pa galimoto ina kapena pa chinthu china chosasunthika, kotero kuti chingwecho chikamafupika, galimoto yotitimira imadzikoka yokha kutuluka m'matope. Zigawo zake zazikulu ndi zinayi: mota yamagetsi yomwe imatenga mphamvu ku batire la galimoto, magiya omwe amachepetsa liwiro la motayo n'kulisandutsa mphamvu yokoka, dilamu lomwe ndi chitsulo chobulungira chokulungirapo chingwe, ndi buleki yomwe imagwira dilamulo kuti galimoto isabwerere m'mbuyo mota ikaima. Mota imazungulira ka 150, ka 200 kapena kupitirira apo kuti dilamu lizungulire kamodzi kokha, ndipo n'chifukwa chake makina aang'ono chonchi amatha kusuntha matani atatu, ngakhale kuti amatero mwapang'onopang'ono, mwina mamita awiri okha pa mphindi imodzi katundu akalemera kwambiri.

Palinso mawinchi oyendetsedwa ndi mafuta a pampu ya chiwongolero, ndi ena akale otenga mphamvu ku giyabokosi, omwe ankapezeka pa ma Land Rover ndi ma Land Cruiser a zaka zapitazo, koma pa pikapu za masiku ano yamagetsi ndiyo yafala, kuyambira pomwe kampani ya Warn ya ku America inayamba kuzigulitsa kwa eni magalimoto ang'onoang'ono m'chaka cha 1959.

N'chifukwa chiyani dera la Dzaleka ndi mapiri oyandikana nawo likufunika kuganiziridwa mwapadera?

Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, womwe uli ku Dowa, unatsegulidwa m'chaka cha 1994 pamalo pomwe panali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo ngakhale unakonzedwa kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, tsopano muli anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Anthu ochuluka chonchi amafuna chakudya, nkhuni, njerwa, mchenga ndi ziweto, ndipo zambiri mwa izi zimachokera m'midzi yozungulira, makamaka pa tsiku la msika waukulu wa Lachiwiri. Wochokera ku Lilongwe kudzera pa Lumbadzi amafika pa Dzaleka akuyenda pa phula, ndipo winchi alibe nayo ntchito. Vuto limayamba galimoto ikapatuka kulowa m'misewu ya m'midzi, kapena ikalowera kumpoto mu msewu wa ku Ntchisi ndi Malomo, womwe kwa zaka zambiri wakhala wafumbi m'zigawo zake zikuluzikulu.

Derali lili pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, Phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,600, ndipo chakum'mawa dziko limagwa motsetsereka kulowera ku zigwa za Salima ndi Nkhotakota. Madothi awiri ndiwo amasautsa oyendetsa. M'zitunda muli katondo, dothi lofiira lomwe likanyowa limatsekeza mano a matayala n'kuterera mpaka galimoto kutsetserekera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu ngakhale sinatitimire, pomwe m'madambo muli dothi lakuda lomata lomwe limameza matayala mpaka mimba ya galimoto kukhala pansi. Mavuto awiriwa amafuna mphamvu zosiyana kwambiri, ndipo m'mapiri amenewa si zachilendo kuti onse apezeke pamalo amodzi, pomwe msewu wawoloka kamtsinje n'kuyamba kukwera nthawi yomweyo.

Kodi nambala yolembedwa pa katoni imatanthauza chiyani?

Nambalayo ndi mphamvu yokoka ya winchi, ndipo nthawi zambiri imalembedwa m'mapaundi chifukwa msika waukulu wa makinawa uli ku America. Paundi imodzi imachepera pang'ono pa theka la kilogalamu, kotero winchi ya mapaundi 8,000 imakoka makilogalamu pafupifupi 3,600, ya 9,500 imakoka 4,300, ya 10,000 imakoka 4,500, ndipo ya 12,000 imakoka 5,400. Wogula amene wazolowera makilogalamu akaona 9,500 n'kuganiza kuti makinawo akoka matani asanu ndi anayi ndi theka, wadzinamiza ndi kupitirira theka.

Chinthu chachiwiri, chomwe ogulitsa satchula kawirikawiri, n'chakuti mphamvu yolembedwayo imapezeka pokhapokha chingwe chitatambasulidwa pafupifupi chonse, pa dilamu patatsala mzere umodzi wokha. Chingwe chikamakulungika chimasanjikizana mizere inayi kapena isanu, dilamu limakhala ngati lanenepa, ndipo mota imayenera kukoka chingwe chotalikirapo pa kuzungulira kulikonse, monga momwe wakabaza amavutikira pa chitunda akaika giya yolemera: liwiro limakwera koma mphamvu imatsika. Pa mzere wakunja winchi imakhala itataya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu yake, ndipo pa mitundu ina imataya koposa apo, kotero kuti ya makilogalamu 4,300 imangokoka pafupifupi 3,000 ngati mtengo womangirapo uli pafupi ndipo chingwe chambiri chatsala pa dilamu. Kampani yodalirika imasindikiza m'buku lake tebulo losonyeza mphamvu ya mzere uliwonse pamodzi ndi magetsi omwe mota imakoka, ndipo winchi yotsika mtengo yomwe yadzilemba nambala yaikulu koma ilibe tebulo lotere iyenera kukayikiridwa.

Nanga kukula koyenera kumawerengedwa bwanji?

Lamulo lomwe opanga mawinchi ambiri amapereka ndi lakuti mphamvu ya winchi isachepere pa kulemera kwa galimoto yodzaza kuchulukitsa ndi 1.5. Kulemera kofunika apa si kwa galimoto yopanda kanthu, koma kwa galimoto itanyamula anthu, mafuta ndi katundu yense amene wopanga analola, komwe kumalembedwa ndi zilembo za GVM pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko kapena pafupi ndi injini, ndiponso m'buku la galimotoyo.

Toyota Hilux ya zitseko zinayi yokoka ndi matayala onse imalemera makilogalamu opitirira pang'ono 2,000 ikakhala yopanda kanthu, ndipo imaloledwa kufika pafupifupi 3,000 ikadzaza. Isuzu D-Max ndi Ford Ranger zili chapomwepo. Kuchulukitsa 3,000 ndi 1.5 kumapereka makilogalamu 4,500, omwe ndi mapaundi pafupifupi 9,900, ndipo izi zikusonyeza kuti winchi ya 10,000, kapena ya 9,500 yomwe ikuchepera pang'ono pokha, ndiyo yogwirizana ndi magalimoto amenewa. Land Cruiser 79, yomwe mabungwe ambiri othandiza anthu amagwiritsa ntchito, imaloledwa kulemera makilogalamu 3,200 kapena kupitirira malinga ndi chaka chomwe inapangidwa, ndipo popeza chiwerengero chake chimadutsa mapaundi 10,500, mwini wake amakwera n'kutenga ya 12,000. Tipikapu tating'ono ta ku Japan monga Suzuki Carry, tomwe timalemera makilogalamu pafupifupi 1,200 titadzaza, timakwanira ndi winchi ya mapaundi 4,000 kapena 4,500, ndipo yaikulu kuposa apo ikhoza kupinda chesesi yake yopyapyalayo.

Chiwerengero cha 1.5 ndi poyambira chabe. Chinaikidwa kuti chikwirire mphamvu yotayika pa mizere ya chingwe komanso kutitimira kwapakatikati, koma sichidziwa kanthu za dambo kapena chitunda chomwe galimoto yakanirirapo.

Kodi pikapu yonyamula mopyola muyezo iwerengedwe motani?

Funso ili ndi lofunika kwambiri kuno kuposa kumayiko komwe lamulo la 1.5 linachokera, chifukwa pikapu ya m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi siyenda kawirikawiri ndi kulemera kwa m'buku. Feteleza amanyamulidwa mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomwe mvula ikuyamba kufewetsa misewu, ndipo mbatata ya kachewere, soya, mtedza ndi mabelo a fodya opita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma zimayamba kutuluka m'midzi madambo asanaume. Galimoto yolemera makilogalamu 2,100 ikasenza matumba 30 a makilogalamu 50, omwe ndi makilogalamu 1,500, n'kukwezanso anthu anayi kapena asanu, imafika pafupifupi makilogalamu 3,900, ndipo lamulo lija likanena zoona pamenepo likufuna winchi ya mapaundi pafupifupi 13,000.

Yankho lanzeru si kugula winchi yotero ayi. Kunyamula mopyola muyezo n'kulakwira malamulo a pamsewu ndiponso kumawononga masipuling'i, mabuleki ndi matayala, koma ngakhale zimenezo zitaikidwa pambali, thumba lililonse lomwe latsitsidwa galimoto isanayambe kukokedwa limachotsa kulemera komwe winchi ikanalimbana nako, ndipo limathandizanso kuti mimba ya galimoto inyamuke m'matope. Kulipira anyamata aganyu kuti atsitse matumba 30 ndi kuwakwezanso kutsidya kwa dambo n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mota yopserera. Amene akufuna kudziwa kulemera kwenikweni kwa galimoto yake, pamodzi ndi bampala yachitsulo, zitsulo zotchingira katundu ndi zida zomwe zimakhalamo nthawi zonse, angachite bwino kuiyeza kamodzi pa sikelo ya magalimoto, chifukwa zowonjezera zimenezi zimadya gawo la katundu wololedwa mwini wake osazindikira.

Kodi matope ndi chitunda zimawonjezera mphamvu yofunika mochuluka bwanji?

Galimoto yoima pa msewu wolimba ndi wosalala imasunthika ndi mphamvu yochepa kwambiri, yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwake, ndipo n'chifukwa chake amuna atatu amatha kukankha pikapu ya matani awiri pa phula. M'matope osaya mphamvu yofunika imafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka la kulemerako. Mabuku a asilikali a ku America ophunzitsa kuwonjola magalimoto otitimira amapereka muyezo wosavuta kukumbukira: galimoto ikatitimira mpaka pakati pa mawilo, pamafunika mphamvu yofanana ndi kulemera kwake konse, matope akakwirira matayala, pamafunika kuwirikiza kawiri, akafika pa thupi la galimoto, katatu. Chomwe chimachititsa n'chakuti winchi sikhala ikukoka galimoto yokha, koma ikulimbananso ndi mulu wa dothi womwe matayala, difu ndi bampala zikukankha, kuphatikizapo kumata kwa dothi lakuda lomwe limagwira mimba ya galimoto.

Chitunda chimawonjezera gawo lake pamwamba pa zimenezi. Kukwera kwa madigiri 10 kumawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a kulemera kwa galimoto, madigiri 15 amawonjezera gawo limodzi mwa anayi, ndipo madigiri 30, omwe ndi chitunda choti munthu amakwera mogwira udzu, amawonjezera theka. Motero pikapu ya makilogalamu 3,000 yomwe yatitimira mpaka pakati pa mawilo potuluka pa kamtsinje, pomwe msewu ukukwera madigiri 15, ikufuna makilogalamu 3,000 chifukwa cha matope ndi ena pafupifupi 780 chifukwa cha chitunda, onse pamodzi 3,780. Winchi ya mapaundi 9,500 ikwanitsa ntchitoyi ngati chingwe chatambasulidwa mpaka mzere woyamba kapena wachiwiri, koma ikhoza kulephera ngati mtengo uli pa mamita asanu okha. Galimoto yomweyo ikamira mpaka matayala osaoneka, ikufuna makilogalamu oposa 6,000, ndipo pamenepo ngakhale ya mapaundi 12,000 siikwanitsa ndi chingwe chimodzi.

Apa ndi pomwe khasu ndi fosholo zimaposa ndalama. Kukumba kutsogolo kwa matayala onse anayi, kuchotsa dothi pansi pa difu, kunyamula galimoto ndi jeke n'kuyala miyala kapena nthambi pansi pa matayala kumatsitsa mphamvu yofunika kuchoka pa kuwirikiza kawiri kufika pansi pa kulemera kwa galimoto. Tiyeneranso kukumbukira kuti winchi yomangidwa kutsogolo imakokera kutsogolo kokha, pomwe nthawi zambiri njira yofupika yotulukira m'dambo ndi yobwerera m'mbuyo, m'mikwasa yomwe matayala anaswa kale.

Bwanji osangogula yaikulu koposa kuti nkhawa ithe?

Kukwera ndi sitepe imodzi pamwamba pa chiwerengero kuli ndi phindu lenileni, popeza winchi ya mapaundi 12,000 yokoka matani atatu imagwira ntchito mosadzipanikiza ndipo mota yake sitentha msanga ngati ya 8,000 yokoka katundu yemweyo. Kupitirira pamenepo mavuto amachuluka kuposa phindu. Winchi ya chingwe chawaya imalemera makilogalamu pakati pa 35 ndi 45, bampala yachitsulo yoinyamula imawonjezeranso chimodzimodzi kapena kuposa, ndipo kulemera konseku kumakhala kutsogolo kwa mawilo, komwe kumagwetsa mphuno ya galimoto, kutopetsa masipuling'i ndi kuchepetsa mpata wa pansi womwe ndi wofunika m'misewu ya zigwembe. Mawinchi a mapaundi 8,000 mpaka 12,000 ambiri amamangidwa ndi mabawuti anayi otalikirana mamilimita 254 ndi 114, pomwe aakulu kuposa apo amafuna malo ena omwe bampala za pikapu zambiri zilibe.

Choopsa kwambiri n'chakuti mphamvu ya winchi imathera pa chinthu chofooka koposa mu mndandanda wonse, ndipo kawirikawiri chinthucho ndi pomangira. Amisiri owotcherera zitsulo a m'misika ya m'derali ali ndi luso pa mafelemu a zitseko, ngolo ndi zitsulo zotchingira katundu, koma bampala ya mapaipi yopangira kukongoletsa galimoto kapena kuteteza nyali siingapirire matani anayi. Winchi imafuna chitsulo chafulati chochindikala mamilimita osachepera 6, chomangidwa molunjika ku mikono yonse iwiri ya chesesi ndi mabawuti olimba a giredi 8.8 kapena kuposa, ndipo pa galimoto yokhala ndi ma airbag, bampala yosayenera ingasokonezenso kaphulikidwe kake pa ngozi. Winchi ya mapaundi 9,500 yomangidwa bwino ndi yodalirika kuposa ya 13,000 yomwe ingazule bampala n'kuiponyera kwa anthu.

Kodi batire la galimoto lingakwanitse?

Winchi yokoka pa mphamvu yake yonse imamwa magetsi oposa ma amp 400, pomwe alitaneta, makina omwe amatchaja batire injini ikamalira, amapereka pafupifupi ma amp 100 pa pikapu zambiri. Kusiyanako kumachokera m'batire, ndipo batire likamafooka mota imataya mphamvu n'kumatentha kwambiri, kotero kuti winchi yaikulu pa batire lotopa imakoka mochepera kuposa yaing'ono pa batire latsopano. Opanga ena amalangiza batire la CCA yosachepera 650, nambala yomwe imasonyeza magetsi omwe batire lingatulutse nthawi imodzi polizitsa injini yozizira. Injini izikhala ikulira nthawi yonse yokoka, mawaya akhale onenepa, aafupi ndi olumikizidwa ku batire lenilenilo, ndipo kukoka kuzichitika pang'onopang'ono, mphindi imodzi kapena yosakwana kenako kupumira, chifukwa mota yomwe yatentha mpaka dzanja kulephera kukhalapo yatsala pang'ono kupserera. Popeza mitsinje ya m'mapiriwa imadzaza mwadzidzidzi, ndi bwinonso kusankha winchi yotsekedwa bwino kuti madzi asalowe, yomwe imalembedwa IP67 kapena IP68, ndi kuika kabokosi ka maswichi ake pamalo okwera.

Kodi pali njira yowonjezera mphamvu ya winchi yapakatikati?

Ilipo, ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi winchi yaikulu. Snatch block ndi gudumu lachitsulo lokhala ndi ngalande yodutsamo chingwe, lotsekeredwa pakati pa zitsulo ziwiri zomwe zimatseguka. Chipangizochi chikamangiriridwa pa mtengo, chingwe n'kudutsamo n'kubwerera kudzakoledwa pa chesesi ya galimoto yomweyo, galimoto imakokedwa ndi zingwe ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo mphamvu imawirikiza kawiri kupatula pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, pomwe pamatayika pa gudumupo. Winchi ya makilogalamu 4,300 imafika motero pa makilogalamu oposa 7,500, omwe ndi okwanira kutulutsa pikapu yomira mpaka matayala. Palinso phindu lachiwiri, lakuti ulendo wopita ndi wobwerera umatambasula chingwe chambiri, dilamu n'kutsikira pa mizere yamkati yomwe ili ndi mphamvu, ndipo mota imamwa magetsi ochepa.

Chomwe chimatayika pa njirayi ndi liwiro, lomwe limatsika ndi theka, ndiponso kutalika, popeza chingwe cha mamita 26 kapena 28 chimangofika pa mtengo womwe uli pa mamita 12 kapena 13. Lamba womangira pa mtengo, shackle yomwe ndi chitsulo chopindika chotsekedwa ndi bawuti cholumikizira lamba ndi chingwe, komanso snatch block yeniyeniyo ziyenera kukhala zolembedwa mphamvu yopirira katundu wowirikizayo, pakuti zonsezi zimasenza mphamvu ya zingwe ziwiri nthawi imodzi.

Nanga chingwe chimangiriridwe pati, poti mitengo inatha m'malo ambiri?

Ili ndilo vuto lomwe mabuku a opanga mawinchi saliganizira mokwanira, chifukwa amalembera anthu oyenda m'nkhalango. Kuzungulira Dzaleka ndi m'madera ambiri a Dowa mitengo yachilengedwe inadulidwa chifukwa cha nkhuni, makala, kuwotcha njerwa, kutsegula minda ndi ntchito ya fodya, ndipo m'dambo, momwe galimoto imatitimira kwambiri, mitengo ikuluikulu simera n'komwe. Winchi yamphamvu bwanji ilibe ntchito ngati chingwe chake chikuthera m'munda wa chimanga, ndipo pa chifukwa chimenechi lamba kapena chingwe chowonjezera cha mamita 20 ndi chofunika kuno kuposa mapaundi 2,000 owonjezera pa mota.

Mitengo yomwe ilipo ili ndi eni ake. Mango ndi bulugamu za m'mbali mwa msewu ndi chuma cha banja linalake, ndipo mwini wake ayenera kupemphedwa. Nkhalango zowirira zomwe zimaoneka pafupi ndi midzi ya Achewa nthawi zambiri ndi manda, omwenso ndi dambwe la Gule Wamkulu, ndipo mlendo salowamo ndi chingwe popanda chilolezo cha a mfumu, ngakhale galimoto itamira motani. M'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi ndi ya Kongwe, kuwononga mtengo ndi mlandu pansi pa lamulo la zankhalango la 1997. Mtengo ukapezeka, umangidwe m'munsi penipeni ndi lamba wotambalala, osati ndi waya, chifukwa waya amadula khungwa kuzungulira ndipo mtengowo umauma. Mapolo a magetsi a ESCOM ndi zitsulo za m'mbali mwa milatho sizinapangidwe kuti zipirire kukokedwa cham'mbali, ndipo siziyenera kuyesedwa n'komwe.

Pomwe palibe mtengo, tayala la sipeya limakwiriridwa m'dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, lamba atakoledwa pakati pake n'kudutsa m'kangalande kopendekera kolunjika ku galimoto, kuti mphamvu izilikokera m'dothi osati m'mwamba. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo m'dothi lonyowa kwambiri tayalalo limatha kuzuka, koma imathandiza. Galimoto ina kapena thirakitala yoima pouma, itatsekedwa mabuleki ndi kutchingidwa matayala ndi miyala, ndi pomangira pabwino koposa, ndipo n'chifukwa chake mabungwe amakonda kutumiza magalimoto awiri pamodzi m'misewu yoipa.

Chingwe chabwino n'chiti, chawaya kapena chaulusi?

Chingwe chawaya n'chotsika mtengo ndipo chimapirira kukhuzika pa miyala, yomwe ndi yambiri m'zitunda za Ntchisi, koma chimalemera, chimachita dzimbiri, tiwaya take toduka timabaya manja, ndipo chikaduka chili chokokeka chimakwapula ndi mphamvu yotha kupha munthu. Chingwe chaulusi wapulasitiki wolimba, womwe umadziwika kwambiri ndi dzina la Dyneema, chimapirira katundu wofanana kapena woposa pa kunenepa komweko, chimapepuza winchi ndi makilogalamu pafupifupi khumi, ndipo chikaduka sichikwapula mwaukali ngati waya. Zofooka zake ndi mchenga ndi katondo zomwe zimalowa pakati pa ulusi n'kumaudula pang'onopang'ono ngati sichichapidwa, dzuwa, miyala yakuthwa, ndi kutentha kwa buleki ya m'dilamu. Chawaya chizisiyidwa pa dilamu mozungulira kosachepera kasanu, ndipo chaulusi, popeza chimaterera, ka 8 kapena ka 10.

M'midzi ya kuno galimoto ikatitimira anthu amasonkhana nthawi yomweyo, ana ali patsogolo, ndipo mfundo imeneyi yokha ikupangitsa chingwe chaulusi kukhala choyenera kwa amene angathe kuchigula ndi kuchisamala. Chingwe chikhale chamtundu uliwonse, anthu aimitsidwe patali kuposa kutalika kwa chingwe chomwe chatambasulidwa, bulangete lolemera kapena thumba lokhala ndi dothi pang'ono liyanikidwe pakati pa chingwe kuti lichigwetsere pansi chikaduka, ndipo chisakoledwe konse pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, chifukwa kampirako kakathyoka kamauluka ndi liwiro lomwe lapha anthu m'mayiko angapo.

Kodi mwini pikapu aliyense wa m'derali akufunikadi winchi?

Ayi. Amene ulendo wake umathera pa phula la Lumbadzi, Dzaleka ndi Dowa boma, kapena amene amalowa m'midzi m'chilimwe mokha, angapindule kwambiri ndi matayala a mano akuluakulu, kuchepetsako mpweya m'matayala pofika pa matope, khasu, fosholo, jeke wabwino ndi lamba wokokera. Winchi imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, imalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo ikakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito maswichi ake amachita dzimbiri, kotero wogula ayenera kufunsiratu ngati zipangizo zosinthira za mtunduwo zimapezeka ku Lilongwe, ndi kuiyesa kamodzi pa mwezi. Palinso winchi yamanja ya mtundu wa Tirfor, yomwe imakoka waya ndi mkono wachitsulo wopukusidwa uku ndi uku. Yapakatikati yake imanyamula makilogalamu 1,600, ndipo ikaphatikizidwa ndi snatch block imatulutsa pikapu yotitimira pang'ono, sifuna batire, ndiponso imakokera kumbuyo kapena cham'mbali, zomwe ya pa bampala singathe. Vuto lake ndi thukuta ndi nthawi.

Amene ayenera kugula yamagetsi ndi woyenda yekha m'misewu ya m'midzi pakati pa Disembala ndi Epulo chifukwa ntchito yake siidikira kuti kuume: wonyamula odwala, mlangizi wa zaulimi, wokonza mijigo, wogula mbewu. Kwa iyeyo, ngati galimoto yake ndi ya gulu la Hilux, D-Max kapena Ranger, winchi ya mapaundi 9,500 kapena 10,000 ndi yokwanira, ndipo ngati ndi Land Cruiser 79 kapena pikapu yomwe yalemetsedwa ndi zitsulo zowonjezera, atenge ya 12,000. Ndalama zomwe akanawonjezera pa nambala yaikulu azigwiritse ntchito pa pomangira polimba, batire latsopano, snatch block, ma shackle awiri olembedwa mphamvu yake, lamba wa pa mtengo ndi chingwe chowonjezera cha mamita 20.